Sukulu ya Pamsika: Maina a Zipatso ndi Ndiwo Zamasamba m'Chikoreya

Mlendo amene wafika m'dziko la eni angathe kukhala mwezi wathunthu osadziwa dzina la nduna ngakhale imodzi ya m'dzikomo, koma sangathe kutsiriza tsiku limodzi osafuna chakudya. Nchifukwa chake aphunzitsi a zinenero amafulumira kuika maina a zipatso ndi ndiwo zamasamba m'maphunziro oyambirira. Ophunzitsa Chikoreya nawonso amatero. Wophunzira asanazolowere nkomwe kupereka moni, amapatsidwa mndandanda wa mau makumi atatu kapena anai kuti awaloweze pamtima: sagwa, subak, baechu, yangpa, goguma ndi ena ambiri.

Apa ndi pamene ochuluka amagwera mphwayi. Mau ongoloweza, munthu osadziwa chimene chili m'kati mwake, amafanana ndi madzi otungira m'dengu: pofika tsiku la mayeso otsala amakhala ochepa, ndipo mayeso akatha sipatsala kanthu. Wophunzirayo amayamba kudziyesa mbuli, kapena kunena kuti chinenerocho nchosatheka. Chikhalirecho vuto silili pa mutu wake kapena pa chinenerocho ai, koma pa kaphunziridwe. Maina ambiri a mbeu m'Chikoreya ndi omangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono, ndipo kagawo kalikonse kamaulula kumene mbeuyo inachokera ndi njira imene inadzera. Kwa munthu amene wadziwa tizigawo towerengeka timeneti, mndandanda uja umasanduka nkhani, ndipo nkhani siiwalika msanga.

Chikoreya chimalankhulidwa ndi anthu pafupifupi mamiliyoni 80, ambiri a iwo ku South Korea ndi ku North Korea. Alipo achinyamata a kuno amene akatsiriza sukulu amapeza mwai wokapitiriza maphunziro ku South Korea. Ena amagwira ntchito pamodzi ndi Akoreya konkuno, monga pa chipatala cha Daeyang Luke ku Lilongwe, chimene chinatsegulidwa m'chaka cha 2008. Ndipo ambiri amangochimva m'mafilimu ndi m'nyimbo. Komabe phunziro limene lili m'maina amenewa lingathandize ngakhale munthu amene sadzapondako ku Korea, makamaka mphunzitsi amene amaima patsogolo pa ana tsiku ndi tsiku.

Malembo ndi katchulidwe

Akoreya ali ndi malembo awoawo otchedwa Hangul. Malembowa anakonzedwa ndi Mfumu Sejong m'chaka cha 1443, ndipo analengezedwa kwa anthu m'chaka cha 1446. Kufikira nthawi imeneyo anthu ophunzira ankalemba ndi zizindikiro za Chitchaina, zimene zinali zikwizikwi ndipo zinkafuna zaka zambiri kuti munthu azidziwe. Mlimi ndi mai wa pamsika analibe nthawi yotero. Mfumuyo inafuna malembo amene munthu wamba angaphunzire m'masiku owerengeka. Poyamba analipo 28, koma amene akugwira ntchito lero ndi 24: opanda liu 14 ndi a liu 10. Malembowa salembedwa mondondozana pa mzere monga a Chichewa, koma amaunjikidwa awiri, atatu kapena anai pamalo amodzi, ndipo mulu uliwonse ndi phatikizo limodzi. Motero dzina la mbatata, go-gu-ma, limalembedwa ndi timiyulu titatu.

M'nkhani ino mau a Chikoreya alembedwa m'malembo ozolowereka, potsata dongosolo limene boma la South Korea linakhazikitsa m'chaka cha 2000. M'dongosolo limeneli "ae" amatchulidwa ngati "e". "Eo" ndi liu limodzi lomveka pakati pa "o" ndi "a". Ndipo "eu" amamveka ngati "u" wotchula milomo itatambasuka monga ya munthu womwetulira.

Munthu wolankhula Chichewa amayamba phunziroli ali ndi mwai umene Mngerezi alibe. Khutu lake linazolowera kale kusiyanitsa "pala" ndi "phala", kapena "kola" ndi "khola", ndipo Chikoreya nachonso chimasiyanitsa mau ndi kampweya komweko. Dzina la nyemba limalembedwa kong koma limamveka "khong'". Amene watchula mofewa wanena gong, ndiye kuti mpira. Anyezi wamasamba, pa, amamveka "pha", ndipo mphesa, podo, zimamveka "phodo". Kamvekedwe ka "ng" wotsiriza mau nkofanana ndi "ng'" wa mu "ng'ombe". Ndiponso Chikoreya chili ndi lembo limodzi lokha limene nthawi zina limamveka "l" ndipo nthawi zina "r", monga momwe malembo awiriwa amasinthanirana m'Chichewa popanda kusintha tanthauzo.

Zovuta zazikulu zilipo ziwiri. Choyamba, pambali pa malembo ofewa ndi a mpweya pali mtundu wachitatu, wolembedwa tt, kk, pp, umene umatchulidwa molimbitsa kummero popanda kutulutsa mpweya. Dal ndi mwezi, tal ndi chigoba chovala kumaso povina, pamene ttal ndi mwana wamkazi. Wofuna sitiroberi, ttalgi, ayenera kulimbitsa lilime chomwecho. Chachiwiri, phatikizo lililonse la Chichewa lotsiriza mau limathera ndi lembo la liu, koma la Chikoreya lingathere ndi lopanda liu. Lilime lozolowera Chichewa limathamangira kunena "subaki" m'malo mwa subak. Mankhwala ake ndi kuimitsa lilime pamalo pamene "k" amatchulidwira, nkusiyira pomwepo.

Magulu atatu a mau

Katchulidwe kakayamba kukhazikika, wophunzira achita bwino kugawa mndandanda wake m'magulu atatu, pakuti mau a Chikoreya ali ndi magwero atatu.

Gulu loyamba ndi la mau a eni nthaka. Ambiri ndi aafupi, ndipo amatchula mbeu zimene Akoreya akhala nazo kuyambira kale: kong, nyemba, makamaka soya, pa, anyezi wamasamba, oi, nkhaka, mu, muzu woyera wooneka ngati karoti wonenepa, gam, chipatso chofiirira chooneka ngati phwetekere koma chomera mumtengo, ndi maneul, adyo. Adyo ali ndi malo ake ngakhale m'nthano ya chiyambi cha mtundu wao. Buku lotchedwa Samguk yusa, limene analemba wansembe wachibuda Iryeon m'zaka za m'ma 1200, limasimba za chimbalangondo ndi nyalugwe wa ku Asia zimene zinafuna kusanduka anthu. Zinauzidwa kubindikira m'phanga nkumadya adyo ndi chitsamba chowawa chotchedwa ssuk. Nyalugwe analephera kupirira nathawa, koma chimbalangondo chinapirira nkusanduka mkazi, amene anabala Dangun, kholo la Akoreya. Amene wamva nthano imeneyi saiwala msanga kuti maneul nchiani.

Gulu lachiwiri ndi la mau ochokera ku Chitchaina, chimene kwa zaka mazana ambiri chinali chinenero cha mabuku ku Korea. Mau oposa theka a m'madikishonale aakulu a Chikoreya ndi a gulu limeneli. Podo, mphesa, gyul, nachesi, ndi sagwa, apozi, onsewa ndi a m'gululi. Ena anasinthika pakamwa pa anthu mpaka gwero lao linabisika. Baechu, kabichi wamtali wa masamba ofewa amene ali mfumu ya ndiwo zamasamba ku Korea, anachokera ku baekchae, kutanthauza "masamba oyera". Sangchu, letesi, anachokera ku saengchae, "masamba odya aawisi".

Gulu lachitatu ndi la mau obwera posachedwa, ambiri kudzera m'Chingerezi: banana, tomato, orenji, manggo, painaepeul. Awa savuta kukumbukira, koma ali ndi phunziro lao. Mkoreya akabwereka liu lachilendo amalisula kuti likwane pakamwa pake, monga momwe Mchewa anasulira liu la Chingerezi nkupeza "kabichi". Mchewa amatsekera mipata ndi "i", pamene Mkoreya amatsekera ndi "eu".

Pali msampha umodzi wofunika kuudziwa. Mau ena ali ndi matanthauzo angapo. Sagwa ndi apozi, komanso ndi kupepesa. Bam ndi usiku, komanso ndi mtedza waukulu wa mumtengo umene amakazinga m'nyengo yozizira. Bae ndi mimba, ndi ngalawa, komanso ndi chipatso chozungulira, chamadzi ambiri, cha mtundu wa mapeyala a ku Ulaya, osati mapeyala amafuta aja odziwika kuno. Zimenezi siziyenera kuopsa munthu amene tsiku ndi tsiku amafunsa mtengo wa katundu atakhala pansi pa mtengo. Malo amene liu lanenedwera ndiwo amamasula tanthauzo.

Tizigawo totsekula maina

Tsono nazi mfungulo zenizeni. Yoyamba ndi bak, mphonda imene Akoreya akale ankasemako zikho zotungira madzi. Kumbuyo kwa bak kukaikidwa su, liu la gulu lachiwiri lotanthauza madzi, pamatuluka subak, "mphonda ya madzi", ndilo vwende. Kukaikidwa ho, dzina limene Akoreya ankaitanira mitundu yachilendo ya kutsidya kwa malire a kumpoto, pamatuluka hobak, "mphonda ya alendo", ndilo dzungu. Dzina lokhalo likuchitira umboni kuti dzungu silinali mbeu ya makolo ao, ndipo nzoona, chifukwa kwao kwa maungu ndi ku America.

Mfungulo yachiwiri ndi yang, kutanthauza nyanja yaikulu, motero chilichonse chodzera panyanja kuchokera ku maiko a Azungu. Popeza pa ndi anyezi wamasamba, yangpa ndi anyezi wa mutu wozungulira. Popeza baechu ndi kabichi wao wamtali, yangbaechu ndi kabichi wozungulira amene amalimidwanso m'madimba a kuno. Kagawo komweka kamatsekula mau ena akunja kwa dimba: yangbok ndi suti, yangmal ndi sokosi.

Yachitatu ndi dang, katchulidwe ka Chikoreya ka Tang, ufumu umene unalamulira China kuyambira m'chaka cha 618 mpaka 907. Dzinali linatsala likuimira China yense. Geun ndi muzu, motero danggeun, karoti, ndi "muzu wa ku China". Yachinai ndi ttang, nthaka: ttangkong, "nyemba za m'nthaka", ndi mtedza. Yachisanu ndi cham, kutanthauza chenicheni: chamoe, "nkhaka yeniyeni", ndi kavwende kachikasu ka mizere yoyera, kotsekemera, kamene kamalimidwa kwambiri m'boma la Seongju.

Dzina lokoma koposa onse ndi la chimanga. Susu ndi mapira, ndipo ok ndi mwala wosalala wa mtengo wapatali umene Akoreya ndi Atchaina amaulemekeza kwambiri. Pamene anthu ozolowera mapira anaona mbeu yofanana nawo msinkhu ndi masamba, koma ya njere zazikulu zonyezimira, dzina lake linakhala oksusu, "mapira a miyala yonyezimira". Chimanga chili ndi dzina linanso, gangnaengi, limene ndilo lodziwika kwambiri ku North Korea. Limeneli linachokera ku Gangnam, chigawo cha China cha kumwera kwa mtsinje wa Yangtze.

Wowerenga watcheru waona kale kuti khalidwe limeneli si la Akoreya okha. Masamba amene amai a pamsika kuno amawatcha "tchainizi" anatenga dzina la dziko la China, ndipo ali pa ubale weniweni ndi baechu. Za liu lakuti "chimanga", akatswiri ena a mbiri amafotokoza kuti limaloza ku Manga, dzina lakale la kumene kunkachokera amalonda a m'mbali mwa nyanja ya mchere. Mtundu uliwonse umalemba mbiri ya minda yake m'maina a mbeu.

Mbatata ziwiri ndi tsabola

Palibe dzina limene limaonetsa zimenezi bwino kuposa goguma. M'chaka cha 1763 Mfumu Yeongjo inatuma nduna yake, Jo Eom, kutsogolera gulu la akazembe kupita ku Japan. Ali pa ulendowo anaima pa chilumba cha Tsushima, chimene chili pakati pa maiko awiriwa, ndipo kumeneko anaona mbatata, mbeu yobereka ngakhale pa nthaka yosauka. Poganizira njala zimene zinkasautsa anthu a kwao, iye anatumiza mbeu yake ku doko la Busan. Anthu a pa Tsushima ankaitcha koko-imo, kutanthauza "mbatata ya mwana wosamala makolo". Akoreya anatenga mbeu ndi dzina lomwe, ndipo dzinalo linasulidwa pang'onopang'ono kufikira linakhala goguma.

Komabe m'mabuku mbatatayi inkatchedwanso gamjeo, liu la gulu lachiwiri lotanthauza "mbatata yotsekemera". Cha m'ma 1824 mbatata ya kachewere inalowa m'dzikomo kuchokera kumpoto, kuoloka mtsinje wa Tumen. Popita nthawi mlendo watsopanoyu analanda dzina la mnzake, kotero kuti lero gamja ndi mbatata ya kachewere, ngakhale kuti siitsekemera konse. Pa chilumba cha Jeju, kumwera kwa dzikolo, chilankhulo cha eni chilumbacho chinasunga zakale: gamjeo ndi mbatata yotsekemera, ndipo ya kachewere ndi jiseul.

Tsabola, gochu, nayenso ndi mlendo, ngakhale kuti lero nkovuta kuganiza za chakudya cha Akoreya chopanda tsabola. Kwao kwa tsabola ndi ku America, ndipo amalonda a Chipwitikizi ndiwo anamufikitsa ku Asia m'zaka za m'ma 1500. Ku Korea anatchulidwa m'buku la Jibong yuseol, limene analemba Yi Su-gwang m'chaka cha 1614, ndipo buku lina la za ulimi la m'chaka cha 1766 linafotokoza za kuthira tsabola m'masamba osungidwa mumchere. Apwitikizi omwewo anasiya mapazi ao m'Chichewa, pakuti mau akuti "mbatata" ndi "nanazi" anachokera ku chinenero chao. Zombo za m'nyengo imodzi zinasintha miphika ya anthu okhala kutali ndi kutali, amene sankadziwana nkomwe.

Pamsika

Maina okha sagula kanthu. Wophunzira ayenera kutuluka nawo m'buku nkupita nawo pamsika. Ku Korea kukadali misika yotchedwa oiljang, imene imakumana kamodzi pa masiku asanu alionse. Wotchuka ndi wa Moran mumzinda wa Seongnam, kufupi ndi Seoul, umene umakumana pa masiku a mwezi othera ndi 4 kapena 9. Pamenepo maina ndi mitengo zimalembedwa m'malembo a Hangul pa zidutswa za makatoni, ndipo chidutswa chilichonse ndi bolodi la m'kalasi laulere.

Chodabwitsa choyamba pamsika nchakuti Akoreya ali ndi mawerengero awiri. Zinthu amaziwerenga ndi manambala a makolo: hana, dul, set, net, daseot. Ndalama amaziwerenga ndi manambala ochokera ku Chitchaina: il, i, sam, sa, o. Ndalama yao ndi won; cheon ndi 1,000 ndipo man ndi 10,000, motero 3,000 won ndi samcheon won, pamene 30,000 won ndi samman won. Mabuku ena amaopseza ophunzira ndi zimenezi, koma mai amene amagulitsa nthochi zitatu pa mtengo wa faifi handiredi amachita zomwezo tsiku lililonse: nthochi waziwerenga m'Chichewa, ndalama m'Chingerezi.

Chodabwitsa chachiwiri ndi timau towerengera. Mkoreya sangonena kuti "maapozi atatu" ai. Amaonjezera kaliu kosonyeza mtundu wa chinthu chowerengedwacho. Gae ndi ka zinthu wamba, pogi ndi ka mitu ya baechu, dan ndi ka mipukutu ya masamba, tong ndi ka mavwende, ndipo songi ndi ka mphesa ndi nthochi. Izinso sizachilendo kwa wodziwa mulu wa matimati, mpukutu wa mpiru ndi phava la nthochi. Patsogolo pa timau timeneti manambala anai oyamba amafupika nkukhala han, du, se, ne. Wofuna maapozi atatu amati: "Sagwa se gae juseyo." Dzina limayamba, nambala imatsatira monga m'Chichewa, ndipo mneni amabwera kumapeto. Juseyo ndi "patseni", ndipo kagawo kakuti -seyo kamagwira ntchito yaulemu yonga ya "-ni" wa m'Chichewa. Wofuna kudziwa mtengo amafunsa kuti: "Eolmayeyo?" Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Ulemu suthera pa mneni. Mai wogulitsa amaitanidwa ajumeoni, kapena sajangnim, kutanthauza mwini malonda, ndipo wogula wozolowereka angathe kumuitana imo, dzina la mchemwali wa mai ake a munthu. Ndalama zimaperekedwa kwa wamkulu ndi manja awiri, kapena ndi dzanja lamanja lina litagwira pamkono, ndendende monga amaphunzitsira ana kumudzi kuno. Ndipo wogula akalankhula bwino, wogulitsa amatha kuponyamo nachesi mmodzi kapena awiri aulere. Akoreya amati deom. Kuno ndi banyira. Yankho lake ndi gamsahamnida, zikomo kwambiri.

Maina ndi nyengo

Dziko la Korea lili ndi nyengo yozizira koopsa, pamene madzi amaundana ndipo m'minda simumera kanthu. Nchifukwa chake m'miyezi ya Novembala ndi Disembala mabanja ndi anansi amasonkhana, monga pa dima, kukonza kimchi wokwanira nyengo yonseyo. Mwambo umenewu umatchedwa kimjang, ndipo bungwe la UNESCO linauika m'kaundula wa miyambo yofunika kusungidwa m'chaka cha 2013. Wophunzira akangoona zimene zimalowa mu kimchi, wabwereza theka la mndandanda wake: baechu wonyikidwa mumchere, mu, gochu wosinja, maneul ndi pa. Masamba a mu saataya. Amawayanika pamthunzi nkuwatcha siraegi, umene uli mfutso weniweni. Masamba a dzungu, hobangnip, amawafutsa pa nthunzi nkukulungiramo mpunga, ndipo bireum ndi bonongwe. Mlendo wolakalaka nkhwani ali ku Korea angaupeze m'chilimwe chao, malinga adziwe dzina lake.

Gyul, nachesi, ali ndi mbiri yokhudza sukulu. Chipatsochi chimachita bwino pa chilumba chofunda cha Jeju. M'nthawi ya mafumu a Joseon chinali chosowa kwambiri, kotero kuti manachesi a msonkho akafika ku likulu, mfumu inkagawirako ophunzira a pa sukulu yaikulu ya Seonggyungwan nkuwalembetsa mayeso apadera otchedwa Hwanggamje. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 alimi a pa Jeju ankautcha mtengo wa manachesi daehak namu, "mtengo wa yunivesite", chifukwa mitengo yowerengeka inkatha kulipirira mwana maphunziro apamwamba.

Mtengo wake wa liu

Wina angafunse ngati dzina la anyezi lili ndi kanthu. Akoreya ali ndi yankho lochokera m'mbiri yao yowawa. Kuyambira m'chaka cha 1910 mpaka 1945 dziko lao linali pansi pa ulamuliro wa Japan, ndipo chakumapeto kwa nyengo imeneyi Chikoreya chinachotsedwa m'sukulu. M'chaka cha 1942 apolisi anagwira akatswiri a bungwe loona za chinenero cha Chikoreya amene ankasonkhanitsa mau kuti alembe dikishonale. Awiri a iwo, Yi Yun-jae ndi Han Jing, anafera m'ndende. Mapepala ao amene analandidwa anapezeka m'chaka cha 1945 m'nyumba yosungira katundu pa siteshoni ya sitima ku Seoul, ndipo dikishonaleyo inasindikizidwa m'mabuku asanu ndi limodzi kuyambira 1947 mpaka 1957.

M'masiku a ulamuliro wa Japan anyezi ankadziwika ndi dzina la Chijapani, ndipo okalamba ena amanenabe damanegi. Ufulu utabwera, sukulu ndi manyuzipepala zinalimbikitsa yangpa, liu lomangidwa ndi tizigawo timene anthu ankatidziwa kale. Sanataye mau onse obwereka, pakuti goguma alipobe, ndipo banana ndi tomato palibe amene amawathamangitsa. Chimene anakana ndi kulandidwa mphamvu yotcha okha maina a zimene amadya.

Mau kwa aphunzitsi ndi ophunzira

Njira yophunzirira imene ikuoneka m'zonsezi ndi yapafupi. Wophunzira ayambe ndi malembo a Hangul, pakuti malembo ozolowerekawa ndi ndodo chabe yoyendera masiku oyamba. Asaloweze mau oposa khumi pa tsiku, ndipo pa liu lililonse afunse mafunso atatu: ndi la gulu liti, lamangidwa ndi tizigawo titi, ndipo lingalowe m'chiganizo chotani cha pamsika. Atchule dzina la chinthu atachigwira m'manja. Mtedza, chimanga, dzungu, anyezi, kabichi, karoti, tsabola ndi mbatata zonse ziwiri zimapezeka pa msika uliwonse wa m'dziko muno, kotero kuti dengu limodzi likwanira phunziro la mlungu wathunthu.

Mphunzitsi amene saphunzitsa Chikoreya angathe kubwera nalo dengu lomwelo m'kalasi ya Chichewa, ya Chingerezi kapena ya mbiri yakale. Aike pa tebulo mbatata, nanazi, kabichi, mapira ndi bonongwe, nafunse ana kuti ndi maina ati amene ali a makolo, ndi ati amene anabwera ndi alendo, ndipo alendowo anadzera njira iti. Ana amene amachita manyazi ndi mau obwereka a m'chinenero chao adzaona kuti Akoreya, amene chinenero chao chimalembedwa m'mabuku a sayansi ndi pa makina ogulitsidwa dziko lonse lapansi, anabwereka chimodzimodzi. Ndipo ana amene amanyoza maina a ndiwo za kumudzi adzamva kuti kwina anthu anafera m'ndende chifukwa chosonkhanitsa mau a chinenero chao. Akabwerera kunyumba angathe kukafunsa agogo ao maina a ndiwo zakutchire amene sanalembedwe m'buku lililonse la kusukulu, nkuwalemba m'kope okalambawo akadali moyo.

Gawo lotsatira lidzafotokoza za maina a nsomba ndi zakudya zina za m'nyanja.